Ndiyambe ndi chiyankhulo chiti ngati ndikufuna kupanga magemu?

Kamtedza: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuphunzira kupanga magemu, koma sindinalembepo khodi ngakhale mzere umodzi. Ena akuti C++, ena Python, ena Unity. Laputopu yanga ndi yakale, RAM yake ndi 4 GB basi. Ndiyambire pati?

Namondwe: Tisiyanitse kaye zinthu, achimwene. Unity si chiyankhulo, ndi injini, kutanthauza pulogalamu yopangira magemu, ndipo chiyankhulo chake ndi C#. Unreal nayo ndi injini, imayendera C++. Ziwirizi zisiyeni kaye. Unreal imadya malo okwana ma GB makumi angapo, bandulo yonse kuthera pomwepo, pamene Unity pa 4 GB mudzawodzera mukudikira kuti itseguke.

Tengani Godot 4. Ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo mukaitsitsa mumangoitsegula nthawi yomweyo. Chiyankhulo chake ndi GDScript, chimene kalembedwe kake kamafanana ndi Python. Poyambitsa pulojekiti idzakufunsani Renderer, njira yojambulira zithunzi za gemu pa sikirini. Sankhani Compatibility, osati Forward+, chifukwa Forward+ imafuna njira yatsopano yojambulira zithunzi monga Vulkan, imene makompyuta akale ambiri saikwanitsa. Compatibility imangofuna njira yakale, OpenGL 3.3.

Samalaninso ndi mavidiyo ophunzitsa. Godot 4 inatuluka mu 2023 ndipo mayina ambiri anasintha. Mukamva mphunzitsi akutchula KinematicBody2D popanga kamunthu koyenda mu gemu, dziwani kuti ndi za Godot 3. Pano amati CharacterBody2D. Mukakopera khodi yakaleyo idzakana, inu n'kumaganiza kuti mutu wanu ndiye wouma.

Gogo Chalo: Ine ndikusiyana nawo pang'ono a Namondwe. Injini imabisa zambiri. Munthu amene sanagwirepo variable (posungira nambala kapena mawu), loop (khodi yobwerezabwereza), list (mndandanda wa zinthu) ndi function (kagawo ka khodi kogwira ntchito imodzi) ayambe ndi Python, masabata atatu kapena anayi, kenako aike Pygame, chida chopangira magemu mu Python, polemba pip install pygame. Mmenemo mtima wa gemu mumaulemba nokha: kuwerenga mabatani amene adinidwa, kusuntha zinthu, kujambula pa sikirini, kubwerezanso.

Pamene ambiri amagwa ndi apa. Akalemba kuti mpira uzisuntha mapikiselo (timadontho ta pa sikirini) 5 pa kuzungulira kulikonse kwa loop, pa kompyuta yofooka mpirawo umakwawa ngati nkhono, pa yamphamvu umangoti zii osaoneka. Ikani clock.tick(60) mkati mwa loop. Imakubwezerani mamilisekondi amene adutsa kuchokera pa kuzungulira kwapitako. Agaweni ndi 1000, muchulukitse ndi liwiro, mwachitsanzo mapikiselo 300 pa sekondi. Mpira udzayenda chimodzimodzi paliponse. Chinanso, musasakanize Tab ndi Space poyamba mzere. Python idzakupatsani TabError, ndipo ndi maso simungaone pamene palakwika.

Kamtedza: Zikomo kwambiri nonse. Nanga ndikafuna kuti anzanga azisewera pa foni?

Namondwe: Pamenepo Godot ndiye yabwino. Pygame kuifikitsa pa Android ndi chintchito. Mu Godot mufunika JDK 17 ndi Android SDK, zida zopangira mapulogalamu a Android, komanso ma export templates, mafailo otulutsira gemu, ogwirizana ndendende ndi Godot imene muli nayo. Akasiyana nambala, APK, failo yoika pa foni, situluka. Koma zimenezo n'zakutsogolo.

Zimene anena a Gogo za nthawi zikugwiranso ntchito kuno, kungoti Godot imakupatsani nambalayo yokha, dzina lake delta. Msampha uli pa move_and_slide(), function yoyendetsa kamunthu: imachulukitsa kale ndi delta payokha. Mukachulukitsanso velocity (liwiro) yonse ndi delta, kamunthu kanu kadzayenda ngati kamangidwa miyendo.

Gemu yoyamba ikhale Pong: timatabwa tiwiri, mpira umodzi, zigoli. Muimalize yonse, mpaka batani loyambiranso. Kenako Snake, imene idzakuphunzitsani list. Mukafuna ya kwathu, yesani bawo. Maenje 32 aja ndi list ya manambala 32, ndipo kufesa mikomo ndi loop. Chovuta ndi malamulo a kudya ndi kutakata, choncho yambani ndi kufesa kokha, muone ngati mikomo yonse 64 ikukwanabe wosewera akamaliza dzanja lake.