Stationary kapena stationery, pa shopu ndilembetse chiti?

Make Tiya:
Abale thandizeni msanga. Ndatsegula kashopu kogulitsa makope, mabolopeni, maenvulopu ndi mapepala osindikizira, ndiye wolemba zikwangwani uja wandilembera STATIONARY ndi penti yofiira zilembo zikuluzikulu, dzulo kwabwera kamtsikana ka Fomu 3 kudzagula rula nkundiuza kuti anti apa palakwikatu. Ine ndimayesa ndi liwu limodzi poti tonse timangoti siteshonale. Akusiyana pati? Munthuyo ndinamulipira kale.

Aphunzitsi Opuma:
Mwanayo sakunama mayi. Stationery ya e ndiye katundu mukugulitsayo, zonse zolembera ndi zolembapo. Stationary ya a ndi chinthu choti chaima malo amodzi sichikusuntha, monga lole ikafera pamsewu usiku minibasi nkuiwomba kumbuyo, m'nyuzi amalemba kuti yagunda stationary truck. Ndiye panopa chikwangwani chanucho chikulengeza kuti shopu yaima njii kkkk. Ana anga ndinkawauza kuti azikumbukira e ya envelope, basi sankaphonyanso.

Kambuzi265:
Chosangalatsa nchakuti mawuwa ndi apachibale, onse anachokera ku liwu la Chilatini loti stationarius. Kalekale ku England ogulitsa ambiri ankayendayenda ndi katundu wawo ngati mavenda, koma ogulitsa mabuku ankakhala pamalo amodzi okhazikika makamaka pafupi ndi mayunivesite ngati Oxford, ndiye anthu nkumawatchula kuti stationer, munthu wosachoka pamalo pake, kenako katundu wawoyo nkukhala stationery. Bungwe lawo ku London linayamba mu 1403 ndipo mpaka lero lilipo, Stationers' Company. Ndiye wapenti wanuyo sanasochere patali kwenikweni, wangobwerera m'mbuyo zaka 600.

Nachisale wa ku Joni:
Musadandaule asisi, ngakhale azungu eniake amalakwitsa, katchulidwe ndi kamodzimodzi ndiye khutu silingakuthandizeni. Choipa china kompyuta siikudulira mzere wofiira chifukwa onse ndi mawu olondola, ine ndinatumizapo kalata yopempha oda ku ofesi ina nditalemba ya a pamwamba penipeni, manyazi ake eeh. Koma konzetsani, makasitomala anu ambiri ndi ana asukulu ndi aziphunzitsi, amenewo saona kuchedwa kuseka. Nchilembo chimodzi chokha, afufute A wachiwiriyo aikepo E.

Make Tiya:
Zikomo nonse. Ndamuimbira, poyamba amakana ati wakhala akulemba chomwecho zaka zonsezi palibe anadandaulapo, pano akuti abwera Loweruka koma ndimupatse ya thiransipoti komanso penti yofiira inamuthera.