Shedi yakale ya chimanga tiisandutse kalasi: tiyambire pati?

Mphunzitsi_Ulongwe: Abale, kwathu kuno ku Angónia kuli shedi ya njerwa zootcha ya nthawi ya Apwitikizi. Amfumu atilola tiziphunzitsiramo ana ndi sukulu ya kwacha. Makoma ngolimba, koma m'kati ndi mdima bii, ndipo mu Juni mumazizira koopsa. Magetsi kulibe. Kuigwetsa sindifuna, agogo athu ankagulitsira chimanga pakhomo pake.

aNgozo: Aphunzitsi, yambani ndi denga. Gogodani mitanda yonse, chiswe chimasiya khungu lokha. Ngati malata ake ndi asimenti akale aja a asibesitosi, musawacheke kapena kuwaboola, fumbi lake limawononga mapapo. Siling'i ikani ya mphasa za bango, imasunga kutentha. Mawindo boolani kumpoto, popeza nyengo yozizira dzuwa limadutsira kumeneko. Sola iyang'anenso komweko.

NaPhiri_Tsangano: Musaiwale kuti munkakhala mankhwala a anankafumbwe. Kolopani, pakani laimu, musiye zitseko pululu masabata angapo ana asanalowe.

Mphunzitsi_Ulongwe: Zikomo mayi. Nanga aNgozo, kuboola mawindo sikung'amba khoma?

aNgozo: Ikani kaye lintala, mtanda wochirikiza khoma, pamwamba pa malo a windo, kenako muzichotsa njerwa imodziimodzi.