Ndimange kufupi ndi Revúbuè kapena kumtunda kopanda madzi?

Abale pa gulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndine mayi wa ku Ulongwe, ndimabweretsa mbatatesi ndi kabichi kudzagulitsa mu mzinda wa Tete. Lendi yandikwana, ndikufuna kamalo kangakanga. Ndapeza malo awiri.

Oyamba ali tsidya la Matundo, kumunsi kufupi ndi mtsinje wa Revúbuè. Mtengo wake ndingakwanitse, chapa (minibasi) imadutsa pafupi, koma wogulitsayo alibe pepala ngakhale limodzi. Akungoti akuluakulu a bairro (dera la mu mzinda) amamudziwa. Achiwiri ali kupitirira Chingodzi, kumtunda kouma gwa. Mpopi sunafike, madzi ndi ogula pa zigubu, ndipo mtengo wa mthunzi palibe, adatha ndi makala. Inu mukudziwa kutentha kwa kuno mu Okutobala, kumapitirira madigiri 40, malata amachita kulira. Mukadakhala inu mukadatani?

Bambo wa ku Moatize: Mayi, kumtsinjeko musayerekeze. Mwaiwala Januwale 2022? Namondwe Ana atabwera, Revúbuè adadzaza mpaka kugumula mlatho. Nanga khoma la zidina zosawotcha lingalimbe? Malowo atchipa chifukwa eni ake akudziwa.

Mayi wa ku Domwe: Achemwali, ine nkhawa yanga ndi pepalalo. Kuno ku Mozambique nthaka ndi ya boma, lamulo la 1997 sililola kuigulitsa. Chimene munthu amakhala nacho ndi DUAT, chilolezo chogwiritsa ntchito malo. Musanapereke ngakhale metikali imodzi, pitani ku munisipiyo (khonsolo ya mzinda) mukafunse ngati malowo adayezedwa komanso ngati sipadzadutsa msewu. Mukafunsenso oyandikana nawo paokha, wogulitsayo kulibe. Malo amodzi ena amagulitsa kwa anthu atatu.

Mnyamata wa txopela (njinga yamoto yonyamula anthu): Kumtundako ndimapitako. Mukawerengere ndalama ya ulendo, amayi. Matumba a mbatatesi mudzawanyamula bwanji mbandakucha? Chapa sipita kumene kulibe msewu, ndiye mudzadalira ife, ndipo sitichipa, ndikuuzirenitu.

Bambo wa ku Moatize: Apo wanena zoona mnyamata. Anthu amene adasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha migodi ya malasha nyumba adalandira, koma msika ndi maganyu zidatsala kutali. Mzinda wa Tete ukukula mothamanga, mlatho wa Kassuende udatsegulidwa mu 2014, malole akudutsa usana ndi usiku, koma mipopi ikubwera pambuyo pang'onopang'ono. Komabe ine ndingasankhe kumtunda. Madzi a mpopi adzafika tsiku lina anthu akachuluka n'kumakakamira limodzi, pomwe mtsinje sudzasamuka. Mukangopeza malowo bzalani nimu, amapirira dzuwa la kuno.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ku munisipiyo ndipita Lolemba. Koma amene mukukhala kale kupitirira Chingodzi ndiuzeni, chigubu cha malita 20 mukugula zingati masiku ano? Ndili ndi ana anayi, ochapa tsiku ndi tsiku.