Konkiriti ya panjira ya galimoto yang'ambika chaka chisanathe: ndimate kapena ndiphwanye?

Mayi wa ku Bembeke

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa zomangamanga. Mu Okutobala chaka chatha tinathira konkiriti kuchokera pageti kufika pakhonde, mamita 14 mulitali ndi 3 mulifupi. Amisiri anathira tsiku limodzi, yonse yogwirana popanda podula. Mvula itangosiya, ming'alu inayamba kuoneka. Umodzi wadutsa chopingasa ndipo chala cha mwana chikulowa. Chakugeti ngodya imodzi yatitimira moti madzi akumaima, ndipo ukasesa pamwamba pakumachoka fumbi loyera. Galimoto yathu ndi yaing'ono, koma nyengo yokumba mbatata ya kachewere pamalowa kalole ka matani atatu kudzanyamula matumba. Amisiriwo akuti ndigule simenti ina amate pamwamba ponse. Mtima wanga ukukana. Ndilinso ndi maganizo othira khonde lakuseri, kukhitchini, ndiye sindikufuna kutaya ndalama kawiri.

Mmisiri wa pa Lizulu

Mayi, pepani kwambiri. Zomata pamwambazo musavomere. Kasimenti kopyapyala koikidwa pa konkiriti yakale kamasupuka matayala akangopondapo, ndipo mng'alu wapansi umatulukiranso pamalo omwewo.

Ngodya yatitimirayo ikusonyeza kuti vuto lili pansi pa konkiriti. Dothi lakuda lapamwamba, lija timalimamo, liyenera kuchotsedwa lonse pamodzi ndi mizu, kenako muthire gelevulo wosachepera masentimita 10, mumuwaze madzi ndi kumusinja mpaka chidendene chisasiye chidindo. Ambirife timathamangira gawo limeneli chifukwa eni ntchito saliona ikatha. Mvula ya kwathu kuno ikalowa pansi, dothi losasinjidwa limatsika, konkiriti n'kutsala m'malere, lole ikafika basi yathyoka.

Mng'alu wopingasawo nkhani yake ndi ina. Konkiriti imafupika pang'ono ikamauma, ndiye ya mamita 14 yogwirana siingalephere kung'ambika. Timaidula dala mamita atatu alionse, kaya ndi thabwa lopyapyala pothira, kaya ndi gilayindala, makina odulira aja, mawa lake, kuzama gawo limodzi mwa magawo anayi a kuchindikala kwake, kuti ing'ambikire mumzere womwe tasankha ife.

Fumbi loyeralo labwera chifukwa cha madzi ochuluka. Anyamata osakaniza amakonda kuchulutsa madzi kuti fosholo ipepuke, konkiriti n'kukhala ngati phala la mwana. Pa thumba la simenti la makilogalamu 50 pamafunika malita pafupifupi 25, mchenga ukakhala wonyowa n'kuchepetsanso. Komanso dzuwa la Okutobala limaumitsa pamwamba simenti isanagwire. Tandiuzeni, munathirira masiku angati, ndipo analowa matumba angati?

Mayi wa ku Bembeke

Zikomo bambo. Analowa matumba 17. Kuthirira anatiuza kuti masiku awiri akwana, ndipo madzi tinkachita kukatunga kumjigo. Gelevulo sanathire, anangosalaza ndi khasu.

Mmisiri wa pa Lizulu

Ndiye simentiyo inachepadi. Malo amenewo, pa kuchindikala kwa masentimita 10, amadya matumba pafupifupi 30 mukasakaniza thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga ndi wilibala imodzi ndi theka ya kwale. Poti pamalowa lole, ine ndikanathira masentimita 15 ndi waya wa meshi pakati, osati wogona pansi, ndipo matumba akanapitirira 45. Kuthirira ndi masiku 7 osadumphitsa. Galimoto yaing'ono ilowe sabata ikatha, lole idikire masiku 28.

Mphunzitsi wopuma, Dedza boma

Ndionjezereko za mchenga, chifukwa pano paboma ambiri atayapo simenti. Mchenga wa m'dambo ndi wosesa mumsewu umakhala ndi dothi lambiri, ndipo dothi limatchinga simenti kuti isagwire miyala. Musanalipire ngolo kapena thipa, tengani botolo loonekera mkati, thirani mchenga mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani, musiye usiku wonse. Mchenga umakhala pansi, matope amayala mzere pamwamba pake. Mzerewo ukakhala wochindikala, bwezani. Wa mumtsinje, wokhakhala m'manja, ndi umene mukufuna.

Za nyengo, ine ndimakonda Meyi kapena Ogasiti. Mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri usiku ndipo simenti imachedwa kugwira, choncho mukathira nthawi imeneyo yambani m'mawa dzuwa litatuluka, madzulo mufunditse masaka kapena udzu. Poti madzi ndi akumjigo, thirirani kamodzi mokwanira n'kuphimba ndi pepala lakuda la pulasitiki, m'mbali mupsinje ndi njerwa. Chinyezi chimakhala momwemo, ana sangatope ndi zigubu.

Mayi wa ku Tsangano

Amayi anzanga, pa khonde lakukhitchinilo ndikupempheni chinthu chimodzi: musalole kuti alisalaze pofuna kuti liziwala. Kwathu kuno nkhungu imagona pansi mpaka dzuwa kukwera, ndipo khonde losalala la kumthunzi limamera ndere. Apongozi anga anaterereka atasenza ndowa, mpaka lero chiuno chimawavuta. Titathiranso, amisiri anadutsitsa tsache lolimba konkiriti isanaume, pakatsala timizere togwira phazi. Pulasitala wa okusaidi wofiira ndi polishi zisiyireni khonde lakumaso lomwe lili ndi denga.

Muwauzenso lipendekere kunja, masentimita awiri pa mita iliyonse, madzi otsukira mbale asamabwerere kukhoma. Madzi a padenga akhale ndi kangalande kawokawo. Ndere ikayamba, ine ndimakwecha ndi burashi ndi madzi osakaniza Jik pang'ono, mvula isanayambe komanso ikatha.

Mmisiri wa pa Lizulu

Mayi a ku Tsangano anena zoona. Tsono pa funso lanu lija, mayi, simukuyenera kuphwanya yonse lero. Tengani chitsulo muzigogoda pang'onopang'ono. Pomwe pakulira ngati pali mphako, pansi palibe chogwira: dulani chigawo chimenecho ndi gilayindala, kumbani, sinjani gelevulo, muthire chatsopano. Chakugetiko n'kumene ndingayambire, popeza lole imapondapo mokhota. Zophwanyazo musataye, zimalowa pansi pa khonde lakuseri. Ming'alu ing'onoing'ono ya pamalo olimba muitsuke ndi kuitseka ndi phula kapena mankhwala omatira ming'alu a m'mahadiweya Novembala asanafike. Ndipo chaka chino lole iime kunja kwa geti, matumba a mbatata atuluke pa wilibala.