Kansomba kanga kali ndi minga m'mbali ndipo kamalira, ndi mtundu wanji?

Mlongo_wa_ku_Joni:
Abale oweta nsomba m'matanki, ndithandizeni. Mnzanga posamuka kuno ku Johannesburg wandisiyira kansomba kandevu ngati mlamba, kotalika masentimita 9. Nkakuda, koma mbali iliyonse kali ndi mzere woyera kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo pamzerepo pandandalika timinga tokhotera kumbuyo. Masana onse kamabisala m'paipi, kutuluka mpaka nditazimitsa magetsi. Pokasamutsa dzana kanalira kuti "krrr krrr" m'manja mwanga. Kodi si nkholokolo imeneyi?

Chembe_Boy:
Achemwali, kulirako nkofanana ndi kwa nkholokolo ya m'nyanja yathu, koma thupi la nkholokolo ndi losalala m'mbali. Timafupa taminga timeneto ilibe. Yanuyo ndi yochokera kwina.

Agogo_Matanki:
Kwawo ndi ku South America, banja la Doradidae. Malinga ndi mzere mwanenawo, ndikuganiza kuti ndi Platydoras armatulus, yomwe m'masitolo amaitcha striped Raphael. Imapezeka m'mitsinje ya Amazon, Orinoco ndi Paraná. Ogulitsa ambiri amalembabe kuti Platydoras costatus, koma akatswiri anazisiyanitsa mu 2008: costatus yeniyeni ndi ya ku Suriname ndi French Guiana, ndipo siifika kawirikawiri m'masitolo.

Chomwe ndikupempha, kayang'aneni kumutu madzulo ano kakatuluka, makamaka kuchokera pamwamba. Pali ina, Orinocodoras eigenmanni, yamizere yomweyo moti anthu amasokoneza, koma mlomo wake ndi wautali, wosongoka. Wa armatulus ndi waufupi, wobulungira. Kakanakhala ndi madontho oyera m'malo mwa mzere, ndikanati Agamyxis pectinifrons.

Phokosolo limachokera pa minga ya zipsepse zapachifuwa ikamakhulana ndi fupa, komanso pa thumba la mpweya la m'mimba.

Mlongo_wa_ku_Joni:
Ndakaona ndi tochi, agogo. Mlomo ndi waufupi ndithu, ndipo kamutu nkotakata.

Agogo_Matanki:
Ndiye ndi armatulus. Dzinali likuthandizani kukonzekera, chifukwa imafika masentimita 20, pomwe abale ake ena monga Oxydoras niger amafika mita yathunthu. Musakagwirenso ndi manja, mwanawe. Kakadzidzimuka kamapana chala pakati pa chipsepse ndi thupi, ndipo zimapweteka kwambiri. Kaukondenso ayi, minga imakodwa mpaka kuchita kudula ndi sizasi. Muzikalowetsa m'kabotolo kapulasitiki kali m'madzi momwemo. Chakudya chomira muzikaponyera mutazimitsa magetsi, apo ayi zinzake zizikadyera.