Mwana wanga wapeza wovina naye pa ayezi, koma akuti mnyamatayo tizimulipirira ndife. Ndivomere?

Membala wobisa dzina

A admin ndibiseni dzina chonde. Moni nonse, makamaka inu muli kuno ku UK ndi ku Canada amene ana anu ali m'masewera a mpikisano. Ndabwera kudzapempha nzeru, zonyoza sungani.

Ndili ndi mtsikana wa zaka 14, anabadwira konkuno ku England. Amavina pa ayezi, ice dance. Kwa amene simuwadziwa masewerawa, si aja odumpha n'kuzungulira m'malere ayi. Uyu ndi gule weniweni, waltz, tango, foxtrot, atavala nsapato za mpeni wachitsulo kunsi. Majaji amayang'ana mmene mpeniwo ukudulira ayezi, ngati phazi likutsata nyimbo, ndi ma twizzle, kuja kozungulira pa mwendo umodzi uku ukuyenda. Anayamba ali wamng'ono pa makalasi a Loweruka, ife tinkangoti akatayeko nthawi. Pano ali pa Advanced Novice, gawo la mpikisano lomwe pamwamba pake pali Junior kenako Senior, ndipo mpaka lero wakhala akupikisana yekha mu solo dance chifukwa anyamata m'masewerawa ndi osowa zedi. Mnyamata mmodzi akapezeka, atsikana omufuna ndi mulu.

Mwezi watha kochi wa ku mzinda wina anatiimbira foni. Ali ndi mnyamata wa zaka 16 amene wangosiyana ndi mtsikana yemwe ankavina naye. Tinapita kuti akayesane. Sindinama, anagwirizana. Msinkhu ndi woyenerana, amapinda mawondo mofanana, ndipo atavina gule wotchedwa Blues kachiwiri kokha miyendo yawo yam'mbuyo inkakwera pamodzi osauzana. Mwana wanga sanagone usiku umenewo.

Vuto ndi zomwe makolo a mnyamatayo anena. Akuti ife tizilipira nthawi ya pa ayezi ya onse awiri, kochi, zovala za mpikisano za onse awiri, ndi mahotela akamapita kokapikisana. Mwana asamukire kumeneko, azikhala ndi banja lina la ku rinki (bwalo la ayezi) komweko, asinthe sukulu. Ali Year 10, mayeso a GCSE ali pakhomo. Ine ndimasamalira okalamba, mashifiti a usiku. Bambo ake amayendetsa basi, ndipo akanitsitsa, akuti nyumba yathu kumudzi yaima pa mawindo ndiye tikalipirire mwana wa eni ake?

Kodi zolipirira mnyamatazi zimachitikadi kapena atiwona kupusa? Ndikakana, ndamuphera mwana tsogolo? Kochi uja akuti pa zaka 14 nthawi ikutha, ndipo watipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno.

Achimwene a ku Ndirande

Ife kuno ayezi timamudziwa wa mu cooler box, magetsi akavomera. Pepani mayi, ndangodutsa, odziwa akuyankhani.

Nachisale wa ku Leeds

Asisi, wanga anavina mpaka Junior ndiye ndilankhula zomwe ndinaona ndi maso. Zolipirira mnyamata zimachitikadi, sakukunamizani. Mabanja a atsikana ena amalipira zonse mpaka nsapato, chifukwa chomwe mwanena kale, anyamata ndi ochepa. Koma kuchitika sikutanthauza kuti ndi lamulo. Mabanja ambiri amagawana pakati ndalama za kochi ndi za ayezi, aliyense n'kudzigulira zovala zake.

Funso loyamba lomwe simunalifunse n'lakuti mtsikana woyamba uja anasiyana naye bwanji? Musafunse kochi, musafunse amayi a mnyamatayo. Pezani amayi a mtsikanayo. Dziko la skating ndi laling'ono, mukafunsa anthu awiri mupeza nambala. Mwina mtsikanayo anangotalika kuposa mnyamata, zimachitika. Mwinanso banjalo linalipira zaka ziwiri, kenako mnyamata anapeza wina wa thumba lalikulu. Chikomekome cha mkuyu, asisi.

Chimene chimandiwawa pa dongosolo lolipira zonse n'chakuti mwana wanu amasanduka wosalankhula. Mnyamata akachedwa ku practice, akamukalipira, akamugwetsa pa lift (pomunyamula m'mwamba) chifukwa cha mphwayi, mwana amangoti zii poopa kuti akadandaula mnyamata achoka ndipo ndalama za amayi zapita m'madzi. Ana amawerengera ndalama zathu mumtima kuposa mmene timaganizira.

Membala wobisa dzina

Amayi a mtsikana uja sindinawaganizire n'komwe. Ndiwafunafuna. Nanga zakuti nthawi ikutha pa zaka 14, n'zoona?

Nachisale wa ku Leeds

Zimenezo ndi zokupanikizani chabe. Inde, alipo amene anayamba limodzi ali tiana. Tessa Virtue ndi Scott Moir a ku Canada anawaphatikiza mu 1997, Tessa ali ndi zaka 7, Scott 9, ndipo anadzatenga golide wa Olympics ku Vancouver mu 2010 ndi ku Pyeongchang mu 2018. Makochi amakonda kutchula amenewa. Koma taonani athu a konkuno. Lewis Gibson, mnyamata wa ku Prestwick ku Scotland, anayamba skating ali ndi zaka 11 ataonera Dancing on Ice pa TV, ndipo ankapikisana yekha mu masewera odumpha aja. Anayamba kuvina ndi Lilah Fear mu 2016, atadutsa kale zaka 20. Mu 2025 ku Boston anatenga bronze pa mpikisano wa dziko lonse, mendulo yoyamba ya Britain mu ice dance pa mpikisanowu chichokereni pomwe akatswiri Jayne Torvill ndi Christopher Dean anapambana mu 1984. Ndiye munthu asakuuzeni kuti chitseko chitsekeka pa 30 mwezi uno.

Ice dance ndi masewera omwe anthu amakhwima mochedwa, ambiri otenga mamendulo amakhala a zaka za m'ma 20 mpaka 30. Komanso ISU, bungwe la skating la dziko lonse, inakweza zaka zolowera mpikisano wa akuluakulu kufika 17, pambuyo pa nkhani ya Kamila Valieva, mtsikana wa ku Russia wa zaka 15 amene anapezeka ndi mankhwala oletsedwa, ku Olympics ya ku Beijing mu 2022. Ngakhale atavina bwanji, wanuyo Senior sailowa kwa zaka zitatu zikubwerazi.

Agogo a mapasa

Ine ndiye zandidabwitsa. Mwana wamkazi wa zaka 14 akakhale kwa anthu osawadziwa, azinyamulidwa ndi mnyamata tsiku ndi tsiku atavala tizovala tija? Mayi, mwanayo akufunika amake pa msinkhu umenewu. Bambo akewo amvereni.

Namwino wa ku Coventry

Agogo, za kunyamulana musade nazo nkhawa kwambiri, ndi ntchito ngati ina iliyonse, kochi amakhala pompo akuwerenga masitepe. Koma pa zokhala kwa eni mwalasa. Mayi, dziwani izi: ku England mwana wosafika zaka 16 akakhala masiku 28 kapena kuposerapo kwa munthu amene si wachibale wapafupi, lamulo limati private fostering, ndipo khonsolo ya deralo iyenera kudziwitsidwa. Amatumiza social worker kukaona nyumbayo. Ngati kochi sanakuuzeni zimenezi, mufunseni chifukwa chake. Funsaninso ngati ali ndi laisensi ya British Ice Skating ndi DBS (chiphaso chofufuza ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu), komanso kuti welfare officer, woona za chitetezo cha ana, wa kalabu yawo ndi ndani. Munthu woona mtima mafunso amenewa samupsetsa mtima.

China chomwe sichikambidwa ndi chakudya. Mtsikana wa zaka 14 thupi likusintha, chiuno chikubwera, ndipo tsopano pali munthu woti azimunyamula. Mawu amodzi okha a kochi kapena a mnyamata akuti "lero ukulemera" amakwana kuti mwana ayambe kubisa chakudya. Ali pakhomo panu mungaone mbale ikubwerera yodzaza. Ali kutali adzaona ndani? Za kuvulala nazo zilipo, Tessa Virtue yemweyo anachitidwa opaleshoni ya miyendo kawiri, mu 2008 ndi mu 2010, chifukwa cha kulimbitsa thupi mopitirira.

Mjomba wa ku Joni

Bwanji osangoti aziimira Malawi? Kumeneko palibe wopikisana naye, apita ku Olympics mosavuta, ife tidzaimba nyimbo ya fuko.

Phiri wa ku Toronto

Mjomba, sizitheka choncho. Malawi si membala wa ISU, ndiye palibe bungwe lomulembetsa ku mpikisano wa mayiko. South Africa ndi membala, ife ayi. Ndipo malo a ku Olympics amachita kulimbirana, sangopatsidwa chifukwa dziko lako lilibe wina.

Koma mwakhudza nkhani yofunika, ya pasipoti. Mayi mwati mwana anabadwira ku England, koma kodi ndi nzika ya Britain? Kubadwira kumeneko pakokha sikupereka unzika ngati makolo analibe chilolezo chokhazikika pa nthawiyo, ngakhale mwana wobadwira kumeneko amene wakhalako zaka 10 zoyambirira ali ndi ufulu wolembetsa. Nanga mnyamatayo ndi wa dziko liti? Ku Olympics onse awiri ayenera kukhala nzika za dziko lomwe akuimira. Laurence Fournier Beaudry ankavinira Denmark ndi Nikolaj Sørensen, anapezera dzikolo malo a ku Olympics ya 2018, koma sanapite chifukwa mtsikanayo, Laurence, unzika wa Denmark sanaupeze. Anachita kusamukira ku timu ya Canada. Tanith Belbin, wobadwira ku Canada, anaupeza wa America kumapeto kwenikweni kwa 2005, patatsala milungu yochepa kuti akatenge siliva ku Turin mu 2006. Zinthu izi muzikonze mwana akadali wamng'ono.

Ndipo mudziwiretu kumene msewuwu ukupita. Akachita bwino, kusamuka kumeneku si komaliza. Fear ndi Gibson amaimira Britain koma amaphunzirira ku Montreal, kwa makochi Marie-France Dubreuil, Patrice Lauzon ndi Romain Haguenauer, komwe kuli magulu ambiri apamwamba a dziko lonse. Ngati bajeti ikulira pa mzinda wa konko, ya kuno idzatani?

Membala wobisa dzina

Pasipoti ali nayo ya Britain, tinamulembetsa atakwana zaka 10. Mnyamatayo ndi wa konkuno. Za Montreal ndiye musandiopseze a Phiri, ine ndikulimbana ndi ndalama yonoletsa mipeni.

Bambo a Chikondi

Ndilankhulepo ngati bambo, chifukwa abambo a mwanayu akuoneka ngati oipa muno. Munthu amene amadzuka 4 koloko kuperekeza mwana ku rinki asanakanyamule basi sadana ndi masewerawo. Akuwerengera. Christopher Dean anali wapolisi, Jayne Torvill kalaliki wa inshuwalansi, ndipo anasiya ntchito chifukwa khonsolo ya mzinda wa Nottingham inawapatsa ndalama. Inu khonsolo yanu ndi mashifiti a usiku. Mukadwala mwezi umodzi, ana awiri aima, wanu ndi wa eni. Musalowe ngongole kapena kugwiritsa ntchito ndalama za chipereganyu pa zimenezi.

Nachisale wa ku Leeds

Bambo a Chikondi anena zoona, koma inenso sindikuti mukane basi. Mnyamata wogwirizana naye chonchi sapezeka kawirikawiri, ndipo solo dance, ngakhale ISU inayamba kuivomereza pa mipikisano ya mayiko, ku Olympics kulibe. Ngati mtima wa mwana uli pa kuvina awiri, tsiku lina adzafunika mnzake.

Ine ndikanakhala inu ndikanabweza yankho lotere: tiyesane kaye miyezi itatu, mwana akugona kwawo, akupita kumeneko Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu ndi pa holide. Kochi ndi ayezi tigawane pakati. Zovala aliyense zake. Za kusamuka tidzakambe GCSE ikatha. Zonse zilembedwe papepala, kuphatikizapo kuti wofuna kuchoka apereke notisi ya nthawi yakuti, ndipo asachoke pakati pa season zovala zitasokedwa kale. Akakana zonsezi osabweza ngakhale ganizo lina, mwadziwa chimene ankafuna.

Ndipo ngati muvomere, nkhani ya diresi muisamale nokha. Nsalu ija yoonekera ngati khungu yomwe amaika pachifuwa ndi m'mikono, osoka ambiri amasunga ya azungu yokha. Pa mwana wathu imaoneka ngati bandeji. Pitani naye mwana kwa telala akayerekeze pa mkono, ma tights nawonso chimodzimodzi. Tsitsi mumuluke lolimba, mikanda ayi, kanthu kalikonse ka chovala kakagwera pa ayezi majaji amadula poyinti.

Mtsikana wa ku Luton

Aunt, ine ndili ndi zaka 22, ndinasiya skating ndili ndi 17. Aliyense muno akukamba za ndalama ndi mapasipoti. Mwamufunsa mwiniwakeyo ali yekha, popanda kochi, popanda bambo ake? Osati "ukufuna kuvina naye?" chifukwa ayankha eya. Mufunseni ngati akufuna kusiya anzake a kusukulu, kudya chakudya cha eni tsiku lililonse, kudwala msambo m'nyumba ya anthu osawadziwa. Mumuuzenso momveka kuti akadzafuna kusiya, simudzamuwerengera ndalama zomwe munawononga. Ine mawu amenewo ndinawadikira nthawi yaitali.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse, ngakhale inu a cooler box. Amayi a mtsikana woyamba uja ndawapeza kudzera kwa mayi wina wa ku rinki kwathu, avomera kuti tilankhulane mawa ndikaweruka. Mwana ndakamba naye usiku wathawu. Kuvina ndi mnyamatayo akufuna ndi mtima wonse, koma zokakhala kwa eni anayamba kulira, akuti ankaopa kunena poganiza kuti ndikhumudwa. Bambo ake akuti za theka ndi theka angazimve, bola aone pepala. A Nachisale, kodi pepala lotere limalembedwa ndi loya kapena makolo tokha ndi kochi? Ndipo sitima ya Lachisanu lililonse, mwana wa zaka 14 angakwere yekha kapena ndisinthe mashifiti?

Nachisale wa ku Leeds

Lathu tinalemba tokha, makolo anayi ndi kochi tinasaina, aliyense n'kutenga kope lake. Za sitima, milungu yoyamba mupite naye, mukaone nokha kumene azigona ndi amene azimutenga pa siteshoni. Ndilembereni ku inbox ndikutumizireni mmene tinalembera.