Kuwerenga tizilombo ta mu mtsinje kumathandiza chani kwenikweni?

wa_chaka_chachinayi:
Anzanga tandithandizeni. Ndikupanga risechi ya mmene zochita za anthu zikuonongera mitsinje ndiye supavaiza wanga akuti ndisamangotunga madzi kupita nawo ku labu, ndizigudubuzanso miyala nkumawerenga tizilombo tapansipo. Zoona zimenezi? Makina a mu labu angapambanidwe ndi mphutsi?

tombolombo77:
Achimwene madzi omwe mwatunga lero akuuzani za lero basi. Fakitale ikataya zoipa usiku pofika mmawa madziwo apita kale, botolo lanu lituluka loyera bwinobwino. Koma tizilomboti tilibe kothawira, timakhala pompo miyezi yambiri tina mpaka kupitilira chaka, ndiye tikasowa mumadziwa kuti chinachake chinadutsa. Mphutsi za tizilombo touluka totchedwa mayfly, stonefly ndi caddisfly, mwachidule amangoti EPT, zimafuna okosijeni wambiri ndiye zimayamba kufa ndizo. Mukapeza timphutsi tofiira ta chironomid ndi nyongolotsi zammatope zokhazokha dziwani kuti zonyansa za mchimbudzi kapena feteleza zalowa. Fufuzani SASS5, njira ya ku South Africa yoyezera thanzi la mtsinje powerenga tizilombo, inatuluka mu 2002, banja lililonse la tizilombo lili ndi malikisi ake kuyambira 1 mpaka 15.

mai_wa_ma_data:
Zoona koma musawakhulupirire kwambiri malikisiwo. Malikisi amatsika ngakhale madzi alibe poizoni, kungokhala kuti anthu akumba mchenga kapena alima mpaka mphepete matope nkukwirira miyala yonse, tizilombo tikhala pati? Ndiye labu musaisiye, ndipo muyese nyengo ya mvula ndi yachilimwe yomwe.

tombolombo77:
Eya amayi mwanena zoona. Komanso osaganiza kuti kuonongeka ndi kuchepa kwa tizilombo kokha, tina timachuluka. Pa mtsinje wa Senegal atamaliza damu la Diama mu 1986, ma prawn, tinyama ta mmadzi ta gulu la nkhanu, omwe amafuna madzi amchere pang'ono kuti aswane, anatsekeredwa njira, chonsecho ndiwo amadya nkhono zofalitsa likodzo. Nkhono zinaswana osati masewera, likodzo nkubuka koopsa cha ku tauni ya Richard Toll. Ofufuza atayesa kubwezeretsa ma prawn pamalo ena nkhono zija zinachepa.

wa_chaka_chachinayi:
Eee ya damuyo yandidzidzimutsa. Nanga stonefly ndi mayfly ndizisiyanitsa bwanji ndilibe maikulosikopu?

mai_wa_ma_data:
Werengani michira, stonefly iwiri, mayfly nthawi zambiri itatu ndipo ili ndi timasamba topumira mmbali mwa mimba. Thireyi yoyera ndi kagalasi kokulitsa zinthu zikukwanani.